Ndalama yalowa, koma si yonse yanu: mmene ndimachitira ndi msonkho ndi mapepala a boma

Ndine kalipentala, ndipo ndadzilemba ntchito ndekha kwa zaka 13. Zaka zinayi zoyambirira ndinkangodziwa matabwa, misomali, guluu ndi vanishi. Za msonkho ndinkati n'za anthu a mataye. Maso ananditseguka pamene kampani ina inandipatsa ntchito yokhoma madesiki 20 ndi mashelefu a mu ofesi yawo yatsopano. Tinaigwira milungu isanu ndi umodzi, ine ndi anyamata anga awiri, mpaka kumapala matabwa ndi tochi. Ndalama italowa kubanki inali yoperewera. Ndinathamangira ku ofesi yawo nditapsa mtima, utuchi udakali m'tsitsi. Mayi wa ku akaunti anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Bambo, sitinakubereni ayi. Tadula msonkho. Nambala yanu ya msonkho ndi chani?"

Ndinalibe. Sindinkadziwa n'komwe kuti munthu wopala matabwa amakhala ndi nambala.

Malamulo a msonkho amasiyana dziko ndi dziko, ndipo maperesenti ake amasintha nduna ya zachuma ikangowerenga bajeti yatsopano. Amenewo mukawapeze ku bungwe lotolera msonkho la m'dziko lanu. Koma mafupa a nkhaniyi ndi amodzi kulikonse, ndipo ndi amene ndikufuna kukuonetsani, monga mmene ndinawaphunzirira ine, mochedwa komanso molipira.

Matumba atatu

Wolembedwa ntchito amadulidwa msonkho asanaione n'komwe ndalama yake. Amang'ung'udza pakutha pa mwezi, koma amagona tulo. Inu ndi ine ndalama imatipeza yathunthu, yonona, ndipo imatinamiza. Kasitomala akakulipirani tebulo, m'ndalama imeneyo muli ya matabwa a tebulo lotsatira, muli ya boma, ndipo yotsalayo ndiyo yanu. Mukaziika m'thumba limodzi, zonse zitatu zimaoneka ngati zanu.

Ndiye choyamba, musanapite ku ofesi ina iliyonse, lekanitsani matumba. Tsegulani akaunti ya bizinesi yokha, ngakhale ikhale nambala yachiwiri ya foni yolandirira ndalama. Makasitomala azilipira kumeneko, zipangizo muzigula kuchokera kumeneko. Zapakhomo muzidzilipira nokha ngati malipiro, tsiku limodzi pamwezi kapena pasabata, ndipo muzilemba. Kenako pakhale malo achitatu, ovuta kuwafika, osungako ya msonkho. Ine ndalama ikalowa ndimachotsapo ya zipangizo, ndipo pa yotsalayo ndimapatula 25 pa 100 iliyonse tsiku lomwelo. Osati mawa. Ndinayesapo zoti ndidzapatula Lachisanu, koma Lachisanu limafika injini ya makina ochekera itapsa kale. Chiwerengero cha 25 ndi changa, ndinachipeza poyang'ana zimene ndinalipira zaka ziwiri zotsatizana. Chanu chikhoza kukhala chochepa kapena chochuluka.

Musaiwale kuti msonkho wa pa phindu suyenda wokha. M'mayiko ambiri mulinso zopereka za penshoni ndi za chipatala, zimene bwana ndi wantchito amagawana. Ku United States wantchito amadulidwa 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare, bwana wake n'kuikapo 7.65 ina. Wodzilemba ntchito amasenza zonse ziwiri, 15.3 peresenti, kuwonjezera pa msonkho wa pa phindu. Bwana ndinu, wantchito ndinu nomwe, ndiye mbali zonse zimagwera inu.

Kulembetsa

Anthu ambiri salembetsa, ndipo sindiwaweruza. Mu 2018 bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 peresenti ya onse ogwira ntchito padziko lapansi, amagwira ntchito zosalembetsedwa. Si ulesi wokha. Mu 1983 katswiri wa zachuma Hernando de Soto ndi anzake anayesa kulembetsa kashopu kosokera zovala mumzinda wa Lima ku Peru, motsata lamulo lililonse. Zinawatengera masiku 289, ndipo ndalama zimene zinapita zinali zofanana ndi malipiro otsikitsitsa a miyezi 31. Kuyambira nthawi imeneyo mayiko ambiri afupikitsa njirayi, ndipo ku New Zealand kampani imalembetsedwa pa intaneti tsiku limodzi lisanathe. Komabe mzere wa pa kauntala sunathe padziko.

Ine ndinalembetsa chifukwa cha madesiki aja. Kasitomala wamkulu safuna munthu wopanda nambala, banki sikongoza bizinesi imene papepala kulibe, ndipo matenda (ndikunena a ntchito za boma, osati a kuchipatala) amafuna satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Ngati makasitomala anu ndi anthu wamba okhaokha, phindu la kulembetsa silioneka msanga. Koma tsiku limene ntchito yaikulu idzagogoda, sidzadikira kuti mukafole pamzere.

Kawirikawiri zinthu zake ndi zitatu, ndipo anthu amazisokoneza. Pali kulembetsa bizinesi kwa mlembi wa mabizinesi, pali kutenga nambala ya msonkho ku bungwe lotolera msonkho, ndiye pali layisensi ya malonda ya ku khonsolo, imene imatha chaka ndi chaka. Ndi maofesi osiyana, ndalama zosiyana, ndipo kulipira kwina sikukuchotserani kwina. Ntchito zina, monga zophika, zamankhwala, zamagetsi ndi zonyamula anthu, zimafunanso chilolezo chawochawo.

Polembetsa adzakufunsani ngati mukufuna kukhala wamalonda payekha kapena kutsegula kampani. Wamalonda payekha ndi wotchipa ndiponso mapepala ake ndi ochepa, koma inu ndi bizinesi ndinu munthu mmodzi. Bizinesi ikagwa m'ngongole, okongoza akhoza kufika mpaka pa katundu wa m'nyumba mwanu. Kampani ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Mfundoyi inakhazikika pa mlandu wa Aron Salomon, wopanga nsapato wa ku London, pamene khoti lalikulu la House of Lords linagamula mu 1896 kuti ngongole za kampani yake si ngongole zake iye. Zimamveka zokoma, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kampani imafuna kupereka malipoti chaka chilichonse, imafuna mabuku olongosoka, nthawi zambiri imafuna akauntanti, ndipo mukapita kubanki kukakongola adzakusainitsanibe kuti kampani ikalephera mudzabweza ndinu. Ine ndinakhala payekha zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinatsegula kampani pokhapokha antchito atachuluka ndi ntchito zitayamba kukhala zoti ikalakwika imodzi ikhoza kundigwetsa.

Za pamzere ndinene mwachidule. Musanapite, pezani mndandanda wa zofunika wolembedwa, osati wongomva kwa mnzanu. Tengani mafotokope awiri a chilichonse ndi cholembera chanu. Pepala lililonse limene mwasiya, akudindireni chidindo pa kope lanu, lokhala ndi deti. Ndalama iliyonse imene mwalipira, lisiti la boma. Pakhomo pa maofesi otere pamakhala madobadoba, amene amakulandirani ndi "Achimwene, tikuthandizeni, zituluka lero lomwe." Ena amadziwadi njira, koma ine ndinalipirapo mmodzi amene anandibweretsera layisensi yokongola, yachidindo, imene chaka chotsatira inapezeka kuti m'kaundula mulibe. Ndinalipira kawiri, ndi chindapusa pamwamba.

Msonkho umene unandidula uja

Dzina lake amati withholding tax. Lamulo limauza kasitomala wina, makamaka kampani, bungwe kapena boma, kuti asakupatseni ndalama yonse. Adule gawo ndipo alitumize yekha ku bungwe la msonkho m'dzina lanu. Tinene kuti invoice yanu, pepala limene mumalembera kasitomala ndalama zoti alipire, ndi ya 1,000 ndipo lamulo likuti adule 10 pa 100. Inu mulandira 900, ndipo 100 ipita ku boma.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti 100 imeneyo siinatayike. Nthawi zambiri ndi msonkho wanu womwe, wolipiriratu. Pakutha pa chaka, akawerengera kuti muyenera kulipira 300, amachotsapo 100 ija n'kutsala 200. Koma amachotsa pokhapokha pali umboni, ndipo umboni wake ndi satifiketi imene wodulayo ayenera kukupatsani, yokhala ndi nambala yanu. Ine ndinalibe nambala, ndiye ndalama ya madesiki inapita ku boma yopanda mwini. Ndinayenda maulendo anayi kuti iikidwe pa dzina langa. Lero sindichoka pa ofesi ya kasitomala ndisanafunse kuti, "Mayi, satifiketi ya msonkho ndidzaitenge liti?" Ndipo polemba kotesheni ndimawerengeratu kuti ndalama imene idzafike m'manja idzakhala yodulidwa, kuti ndisalonjeze wogulitsa matabwa ndalama imene sindidzaigwira.

Malisiti, ndi bokosi langa la nsapato

Msonkho wa bizinesi umawerengedwa pa phindu, ndiye kuti zimene mwagulitsa kuchotsapo zimene mwawononga kuti mugulitse. Matabwa, guluu, sandipepa, lendi ya shopu, magetsi a pashopu, malipiro a anyamata, thiransipoti yokaperekera katundu, zonsezi zimachotsedwa. Koma chimene mulibe lisiti lake, kwa wa msonkho simunagule. Mukagulitsa za 1,000, zipangizo zitadya 700, phindu ndi 300. Malisiti akasowa, akhoza kukuwerengerani ngati phindu ndi 1,000 yonse.

Chaka choyamba nditalembetsa ndinkadzitama kuti ndine wosamala. Lisiti lililonse ndinkaliponya m'bokosi la nsapato, pashelefu ya pamwamba, pafupi ndi malata. Chaka chitatha ndinanyamula bokosilo kupita nalo kwa mayi wina wowerengera mabuku. Anatsegula, natulutsa kapepala koyamba, kachiwiri, kachitatu, akukatembenuza kutsogolo ndi kumbuyo. Tonse tinali toyera mbee. Timalisiti ta pamakina tija, topyapyala tonyezimira, sitilembedwa ndi inki. Timalembedwa ndi kutentha, ndipo kutentha komweko ndi kuwala zimatifufuta. Mayiwo anangoti, "Bambo, mwandibweretsera zokolezera moto." Tinapulumutsa zimene zinali pa sitetimenti ya kubanki basi. Zonse zimene ndinagula ndi kashi zinapita.

Tsopano lisiti ndimalijambula pa foni ndisanatuluke m'sitolo, ndipo chithunzicho chimapitanso pa imelo yanga kuopa foni kubedwa. Kumene sapereka lisiti, monga kwa wocheka matabwa kapena wa njinga wonyamula katundu, ndili ndi kabuku kanga ka malisiti: deti, chimene ndagula, ndalama, dzina ndi siginecha yake. Lachisanu lililonse madzulo, anyamata akamasesa utuchi, ndimakhala pabenchi ndi kope la mizere n'kulemba zolowa kumanzere, zotuluka kumanja. Ndi mphindi 20. Mapepalawa amafunika kusungidwa nthawi yaitali, ku South Africa ndi zaka 5, ku Britain ndi zaka 5 kuchokera pa tsiku lomaliza kupereka fomu ya chaka chimenecho.

Pali misampha iwiri apa. Woyamba ndi zinthu zimene mumagwiritsa ntchito kuwiri, monga foni, galimoto kapena chipinda cha m'nyumba chimene mwachisandutsa ofesi. Mumachotsa gawo la bizinesi lokha, ndipo muzitha kufotokoza mmene mwaligawira. Wachiwiri ndi makina. Mukagula makina opalira amene adzagwire ntchito zaka zambiri, m'mayiko ambiri mtengo wake suchotsedwa wonse chaka chimodzi, umagawidwa pang'onopang'ono pa zaka zingapo. Ndinagulapo makina mwezi womaliza wa chaka poganiza kuti ndapha msonkho wonse, ndipo ndinatsala wopanda ndalama, msonkho uli pomwepo.

Mayiko ambiri ali ndi njira yapafupi ya mabizinesi ang'onoang'ono, yolipira peresenti yochepa pa zogulitsa zonse osawerengera phindu, kapena ndalama yokhazikika. South Africa inayambitsa turnover tax mu 2009. Ku Brazil, kuyambira 2009 yomweyo, wamalonda wamng'ono wolembetsa ngati MEI amalipira ndalama imodzi yokhazikika pamwezi, imene muli kale ya penshoni. Njirazi zimachepetsa mapepala, koma werengani musanalowe. Tinene kuti msonkho wake ndi 3 pa 100 ya zogulitsa. Pa 1,000 mulipira 30. Ngati phindu lanu pa 1,000 imeneyo ndi 500, monga wokonza makompyuta amene amagulitsa luso lake, 30 ndi yochepa kwambiri. Ngati phindu ndi 100 yokha, monga wogula ndi kugulitsa, 30 yadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo chaka choluza mumalipirabe.

VAT

Msonkho uwu, umene umawonjezedwa pa mtengo wa katundu kuti alipire wogula, unayambira ku France mu 1954, wouyambitsa anali Maurice Lauré, ndipo lero uli m'mayiko oposa 170. Wamalonda wamng'ono nthawi zambiri sakakamizidwa kulembetsa mpaka zogulitsa zake pachaka zitadutsa malire ena. Ku Britain malirewo ndi mapaundi 90,000 kuyambira mu April 2024. Dziwani malire a kwanu ndipo muziwayang'ana mwezi ndi mwezi, chifukwa amayang'ana zogulitsa, osati phindu, ndipo ntchito imodzi yaikulu ikhoza kukudumphitsani osadziwa. Mukadutsa osalembetsa, adzafuna VAT imene simunatolere kwa makasitomala, ndipo idzachoka m'thumba mwanu.

Mukalembetsa, mwasanduka wotolera msonkho wa boma wosalipidwa. Tinene kuti VAT ili pa 15. Mwagula matabwa a 400, mwalipira 460, ndipo 60 ndi VAT. Mwagulitsa tebulo pa 1,000, kasitomala walipira 1,150, ndipo 150 ndi VAT. Ku boma mupereka 150 kuchotsapo 60, ndiye 90. Koma 60 ija amakuchotserani pokhapokha invoice ya wogulitsa matabwa ili ndi nambala yake ya VAT. Ndipo mtengo ukakhala kuti VAT ili kale m'kati, musatenge 15 peresenti ya 1,150, imeneyo ndi 172.50 ndipo mwadzibera. Chulukitsani 1,150 ndi 15 n'kugawa ndi 115, mupeza 150.

Chowawa pa VAT n'chakuti m'mayiko ambiri imayamba kuwerengedwa tsiku limene mwalemba invoice, osati limene mwalipidwa. Kasitomala akachedwa miyezi itatu, inu mwalipira kale boma ndalama imene simunaione. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ntchito yaikulu ndimafuna dipoziti yokwanira zipangizo ndi VAT, apo ayi sindiyamba. Funsaninso ngati kwanu kuli njira yoti ang'onoang'ono azilipira VAT ndalama ikalowa, chifukwa mayiko ena amalola.

Madeti

Kupereka fomu ndi kulipira ndi zinthu ziwiri, ndipo chilichonse chili ndi chindapusa chake. Anthu ambiri amati, "Ndilibe ndalama, ndiye fomu ndiperekerenji?" kapena "Mwezi uno sindinagulitse kanthu." Perekanibe, ngakhale ikhale ya ziro. Ku Britain wochedwa kupereka fomu yake ya pachaka, imene imatsekedwa pa 31 January, amalipitsidwa mapaundi 100 ngakhale atakhala kuti alibe msonkho woti alipire. Kompyuta ya boma sidziwa kuti munadwala, imangoona kuti fomu siinafike.

Chinanso chimene chimagwetsa ongoyamba kumene ndi kulipiriratu. Boma silifuna kudikira chaka chonse, ndiye limafuna muzipereka m'zigawo msonkho wa chaka chimene muli m'kati mwake. Ku United States ndi kanayi, pa 15 April, 15 June, 15 September ndi 15 January. Ku Britain ndi kawiri, pa 31 January ndi 31 July, ndipo gawo lililonse ndi theka la msonkho wa chaka chatha. Zotsatira zake n'zakuti bilu yoyamba imabwera ndi msonkho wa chaka chonse chatha kuphatikizapo theka la chaka chino, tsiku limodzi. Thumba lachitatu lija limagwira ntchito apa.

Madeti onse ndinawalemba ndi choko pa chitseko cha shopu, ndipo foni imandikumbutsa masiku 10 tsikulo lisanafike. Tsiku lomaliza lenilenilo ndiye limene intaneti ya boma imadzaza ndi kukanika. Ndalama ikaperewera, musabisale. Perekani fomu, lipirani imene muli nayo, lembani kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono. Ndinachitapo kamodzi, ndikunjenjemera, ndipo mnyamata wa pa kauntala anangotulutsa fomu ina m'kabati ngati nkhani ya tsiku ndi tsiku. Chiwongoladzanja chinalipo, koma akaunti yanga sanaitseke. Kalata ya ku msonkho ikabwera, itseguleni tsiku lomwelo, chifukwa nthawi yodandaula ngati akulakwirani imakhala yowerengeka.

Akauntanti sindimulemba chaka chonse. Ndimamulipira kawiri, kumayambiriro kwa chaka kuti andiuze zimene zasintha, ndi kumapeto kuti aone fomu ndisanasaine. Wosaina ndine, ndipo cholakwika chilichonse chimagwera ine, ndiye ndimafunsa mzere uliwonse mpaka ndimve. Safunsa anadya phula.

Mukalemba wantchito, ndiponso mukatseka

Wantchito woyamba amabwera ndi mapepala ake. Msonkho wa pa malipiro ake mumadula ndinu n'kutumiza mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi za penshoni kumene lamulo likutero. Ndalama imeneyi ndi yake ndi ya boma, inu mwangoigwirizira, ndipo mabungwe a msonkho amakhwimitsa kwambiri pa iyoyi. Kumutcha munthu waganyu sikukupulumutsani ngati amabwera tsiku lililonse, nthawi yoikidwa ndi inu, n'kumagwiritsa ntchito zida zanu. Amayang'ana mmene ntchito ikuyendera, osati dzina limene mwamupatsa.

Chomaliza ndi chimene pafupifupi aliyense amaiwala. Bizinesi ikafa, kwa boma imakhala idakali moyo mpaka mutakanena. Mnzanga wowotcherera zitsulo anatseka shopu atapeza ntchito, anagulitsa makina, nabweza makiyi kwa mwini nyumba, basi. Patapita zaka zitatu anafuna kuyambiranso ndipo anapita kukatenga satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole. Anamusindikizira mapepala anayi a zindapusa za mafomu amene sanapereke, mwezi ndi mwezi, pa shopu imene munali mutalowa kale wometa tsitsi.

Mukatseka, kapena mukaima kwa nthawi yaitali, perekani fomu yomaliza, lembani kalata ku bungwe la msonkho yonena tsiku limene mwasiya, dzichotseni pa VAT ndi pa msonkho wa antchito ngati munalembetsa, dziwitsani khonsolo ndi mlembi wa mabizinesi, ndipo kulikonse akudindireni kope lanu. Mnzangayo atapereka kalata ya mwini nyumba ndi sitetimenti ya kubanki yosonyeza kuti simunalowe kanthu, anamuchotsera zina. Zotsalazo akulipirabe, pa 20 mwezi uliwonse.